Zilembo Zonenepa za pa Sukulu ya Tasila

Luembe, Nyimba
3 Epulo, 2023

Febian mlongo wanga,

Ngati ukali moyo ku Lusaka kumeneko, landila moni. Ndati ngati, chifukwa munthu wamoyo sangakhale duu kuyambila pa Khilisimasi. Usandiuze za foni. Ukudziwa kuti kuno netiweki timaipeza pamwamba pa chulu cha kuseli kwa tchalitchi, ndipo ine ndakula, sindingamakwele chulu ngati mbuzi. Kalatayi ndapatsa Ricky, kondakitala uja wa basi yoima pa Nyimba. Yankho umupatse yemweyo, amasiyila a njinga zamoto obwela kuno.

Ife tilipo. Chimanga chauma, ndipo mlamu wako a Lazarous ayamba kale kukonza ku dimba. Jessy wakwanitsa zaka zinayi, pakamwa ngati wailesi.

Nkhani yanga nayi. Kagolosale kakale ka pamsewu kaja mwini wake wandilola kuti ndigwilitse ntchito. Ndikufuna nditsegulemo sukulu ya mkaka mwezi wa Meyi. Ana ndi ambili kuno ongotsatila amayi awo ku madimba, ndipo iwe ukudziwa chimene chimachitika mwana akatsatila amake ku dimba.

Ndikufuna chikwangwani. Paja umadzitama kuti theka la zikwangwani za mu Kamwala zinatuluka m'manja mwako, ndiye lelo mlongo wako aoneko phindu lake. Ulembe kuti SUKULU YA MKAKA YA TASILA, koma dzinalo likule kuposa mawu enawo.

Inde, ndati Tasila. Zaka ziwili zatha chigweleni mwana wanga m'chitsime cha ku dimba kwathu, ndipo pamudzi pano dzina lake analikwilila limodzi ndi iye. Atate ake salitchula, amangoti "mnzathu uja". Azimayi a ku tchalitchi akaliyamba amalimezela pakhosi. Ali ndi zifukwa zawo, ine sindikuzifuna. Ndinamubeleka ndine, ndinamuyamwitsa ndine, ndipo zimandipweteka kuti mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi azikhala ngati sanapondepo pansi pano.

Usandilembele zilembo za ku kiliniki zoopseza ana. Tasila anali woseka. Ndikufuna zilembo zoseka.

Ndine mlongo wako,
Doris

Kamwala, Lusaka
10 Epulo, 2023

Asisi,

Ndili moyo, ndipo ndanenepa pang'ono, mungakondwe. Moni kwa alamu ndi kwa kawailesi kanu.

Dzina lija nditaliona ndinaleka kaye ntchito pa kompyuta, mpaka abwana anafunsa ngati magetsi apita. Koma mwanena zoona, asisi. Lilembedwe.

Tsopano mvelani mphunzitsi. Pa ntchito pano timati fonti, ndiye kuti mtundu wa zilembo, ndipo mtundu uliwonse uli ndi liwu lake. Anthu amaganiza kuti chilembo ndi chilembo basi. Ayi. Munthu asanawelenge mawu amakhala atamva kale ngati akukalipilidwa kapena akuitanidwa. Ndakutumizilani mapepala atatu, onse alembedwa TASILA.

Loyamba ndi la zilembo zowonda, zokhala ndi timapazi kunsi. Izo ndi za nyuzipepala ndi mapulogalamu a malilo. Ndangoikamo kuti muone chimene simukufuna.

Lachiwili ndi la zilembo zazitali zamakona, zoima njo ngati asilikali. Zimaoneka patali, inde, koma ndi zomwe timalembela OSAKODZA PANO. Mwana akaziona amabisala kuseli kwa amake.

Lachitatu ndiye mtima wanga uli pamenepo. Zonenepa, zobulungila, zopanda kona ngakhale imodzi yoti n'kucheka chala. Zili ngati vitumbuwa vongotuluka m'mafuta. Taonani "a" wake, ali ndi mimba yozungulila ngati mmene aphunzitsi amalembela pa bolodi, osati uja wa m'mabuku wokhala ndi chipewa amene amasokoneza ana. Ndazitalikitsa pang'ono kuti chilichonse chipume, mwana azitha kuloza chimodzichimodzi. Ndinayesa mitundu yambili yonenepa, ina inali ngati yatupa ndi matenda, ina ngati ya pa paketi ya maswiti. Iyi yokha ndi imene inandisekelela. Mtundu umenewu ntchito yake ndi imodzi, kuitana ana kuti abwele adzasewele.

Koma musamve za ine. Mateni onse atatu pakhoma la golosaleyo, musanene kanthu, muwasiye ana apite okha. Kumene athamangile ndiko komweko. Mundiuze msanga kuti ndidule lata, Meyi sali patali.

Wanu,
Febian

Luembe
18 Epulo, 2023

Febian,

Wapambana, usatupe nazo. Ndinamata mapepala ako ndi phala la chinangwa, n'kuitana ana a pafupi. Loyamba palibe analiyang'ana. Lachiwili kamnyamata kena kanaligenda ndi chisononkho. Onse anaunjikana pa vitumbuwa vyako, kukankhana, aliyense afuna agwile. Amene anapitako kale ku giledi yoyamba anayamba kutchula, "Ta, si, la," enawo n'kumatsatila. Febian, ndinalowa m'golosalemo n'kutseka chitseko. Zaka ziwili ndisanamve dzina limeneli pakamwa pa mwana. Ndinalila, koma kunali kulila kokoma.

Jessy anandiseketsa. Iye sadziwa chilembo n'chimodzi chomwe, koma anadikila anzake achoke, n'kupita yekha. Anayendetsa chala pa chilembo chilichonse pang'onopang'ono, ngati akusisita mphaka. Atafika pa "a" womaliza analowetsa chala pakati pa mimba ija n'kunena kuti, "Amama, muli manzi umu." Ndinati madzi ati iwe, pepala la amalume ako louma gwa? Iye anangopukuta chalacho pa dilesi.

Dula lata. Zilembo zikhale zachikasu, kumbuyo kwake mtundu wa kumwamba. A Lazarous anaona mapepalawo pobwela ku dimba, anaima nthawi yaitali ndi khasu paphewa, kenaka anapita. Madzulo sanadye. Awo asiye, ndithana nawo ndine.

Doris

Luembe
22 Meyi, 2023

Kwa alamu a Febian,

Ndikupeleka moni mwaulemu, ndi chikhulupililo chakuti Ambuye akukusungani pamodzi ndi ntchito ya manja anu. Kuno tomato wamela bwino ndipo lepu tayamba kudula.

Sindinakulembelenipo chiyambile, choncho mundikhululukile ngati ndalowa pakhomo posagogoda. Chikwangwani chinafika ndipo chinakhomedwa. Ntchito yake ndi yooneka, aliyense wodutsa akuyamikila. Ana alembetsa ambili, alongo anu akugwila ntchito ndi mtima wonse.

Koma alamu, pali kanthu kamene kakundisowetsa mtendele pa zilembo zija zazikulu. Ana sachoka pansi pake. M'mawa asanalowe amaima pamenepo, kulozaloza, kutchulatchula. Pa nthawi yopuma ndi pomwepo. Ngakhale Loweluka, sukulu itatsekedwa, mumawapeza. Si bwino ana kuvutika ndi mawu amene aja tsiku lonse. Jessy ndiye amachita kumukoka kuti adye.

Inu ndinu odziwa za ntchitoyi, ndiponso ndinu munthu wa kwathu konkuno, mukumva chimene ndikunena. Ngati n'kotheka mukonze china, mawu aakuluwo asinthike. Ine sindingalamule pa zinthu za alongo anu, ndangopempha.

Ine mlamu wanu,
Lazarous Mwanza

Kamwala, Lusaka
28 Meyi, 2023

Alamu,

Kalata yanu ndailandila ndi manja awili, ndipo ndamva bwinobwino. Musapepese, kasitomala wodandaula ndi amene amakulitsa mmisili.

Vuto ndaliona. Ana akuchedwa pansi pa chikwangwani chifukwa akuvutika kulumikiza zilembo, zonse ndinazipatsa mtundu umodzi ndiye zikuwathela m'maso. Ndakonza china, Ricky abwela nacho pamodzi ndi kalatayi. Zilembo ndazinenepetsanso, ndipo ndaligawa dzinalo patatu: TA wofiila, SI wachikasu, LA wobiliwila. Ndazikweza ndi kuzitsitsa pang'ono kuti zizioneka ngati zikudumpha chingwe. Tsopano ngakhale mwana wa zaka zitatu awelenga ali pamsewu, osaima n'komwe. Mudzandiuza, adzachita kuliimba.

Penti yake ndi yosasuluka ndi dzuwa. Ichi chikhala zaka.

Mundisungileko tomato.

Febian

Luembe
12 Juni, 2023

Febian mlongo wanga wokondedwa,

Sindinadziwe kuti uli ndi mtima wotele. Chikwangwani chatsopano chinafika a Lazarous ali ku Nyimba kogulitsa lepu, ndipo ndinachikhoma ndekha asanabwele. Atachiona anakhala pansi pamsewu pomwepo, munthu wamkulu, mkulu wa mpingo. Sindikudziwa chimene munalembelana, iwo sakunena.

Unanena zoona, ana apeka nyimbo. Palibe anawaphunzitsa. Amagwilana manja mozungulila, wina akuti "Ta!" ena "Si!" ena "La!" kenaka onse pamodzi, "Bwela tisewele, bwela!" Amaimba kwambili masana, dzuwa likafika pamutu, nthawi imene pamudzi pamakhala zii anthu onse ali ku madimba. Mawu awo amamveka mpaka kudambo.

Ndikuuze chinthu, koma usauze munthu. Akamaimba, Jessy salowa m'bwalo. Amaima pambali, ndipo akafika pa "bwela" iye amayankha kuti, "Nabwela." Poyamba ndinkayesa masewela. Koma Febian, wayamba kuyenda ngati mkulu wake, kuponda ndi zala, chidendene m'mwamba. Ukukumbuka? Wayamba kudya ndi dzanja lamanzele. Jessy chibadwile sanagwilepo supuni ndi lamanzele. Mailo, dzulo lomweli, anandifunsa kuti, "Amama, amalume a Febian anabweletsa nsapato zanga zofiila zija?" Nsapato zimene unalonjeza Tasila ulendo wako womaliza iye ali moyo. Jessy nthawi imeneyo anali kumsana, akuyamwa.

Mvula inaleka kalekale, fumbi lili tolo, koma masana aliwonse mpendelo wa dilesi lake umakhala wonyowa. Ndimaufinya, madzi ake ozizila ngati a m'mtsuko. Ndikamufunsa amangoseka, ndipo kuseka kwake ndikukudziwa.

Uganiza kuti ndikuopa? Ayi. Nyumba yanga inali ndi chibowo, mphepo imalowa, tsopano chatsekeka. Ndimagona tulo. Ndanenepa. Ndikamukumbatila ndimakhala ndakumbatila awili. Madzulo ena ndinayesa, ndinaitana chapansipansi kuti "Tasila," ndipo anatembenuka msanga, nkhope yonse kuwala. Ndikati "Jessy" amachedwa pang'ono, koma ana amatelo akatanganidwa.

Tsopano pempho lina. Ndikufuna timalaya ta yunifolomu, mwana aliyense kake, dzina lija pachifuwa ndi zilembo zomwezo, mitundu yomweyo. Akamapita kwawo azipita nalo, limveke m'midzi yonse. Nsapato zofiila zija ubweletse, saizi ya mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi. Akulila momwemo.

Mlongo wako wokondwa,
Doris

Luembe
16 Juni, 2023

Alamu,

Lelo moni ndilibe. Ndinakulembelani mozungulila chifukwa cha ulemu wa chilamu, ndipo ulemuwo wandipweteketsa. Tsopano ndinena mosabisa.

Inu munakulila ku Msanzala, simunabadwile mu Kamwala. Mukudziwa kuti mwana wofela m'madzi saitanidwa. Wamkulu akamwalila amadziwa kuti wamwalila, koma mwana sadziwa. Amangoona kuti anzake amusiya, ndipo amadikila pomwe anagwela kuti wina amuitane. N'chifukwa chake dzina lake timalisunga mumtima, osati pakamwa. Si kuti sindinamukonde. Ndinamuvuula ndine m'chitsime muja, ndi manja awa amene akulemba. Ine ndimapemphela, ndimalalikila pa guwa, koma izi sindiseweletsa. Tsopano inu mwatenga dzinalo mwaliveka zovala za masewela, mwalipatsa ana makumi awili kuti azilikuwa masana onse kuti bwela. Mwana wanji angakane?

Ndipo akabwela safuna kubwelela yekha.

Lachitatu masana ndinali kuthilila tomato kumunsi kwa dimba. Nyimbo ija inkamveka kuchokela kusukulu. Chitsime chija ndinachitseka ndi mitengo ya mopani chichitikileni ngozi, mitengo yoti ine ndimanyamula ndi mnzanga. Nditawelamuka ndinaona iwili yasunthidwa, ndipo Jessy ataima pa wachitatu, zala za kumapazi zili kunja, akuyang'ana pansi. Dzanja limodzi analitambasulila pambali, zala zopinda, monga mmene mwana amagwilila dzanja la mnzake. Sindinakuwe, ndinaopa angadzidzimuke. Ndinakwawa ngati nyalugwe mpaka ndinamugwila dilesi. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Atata, mwabwelanso mochedwa futi."

Ndinapita kusukulu n'kuzula chikwangwanicho. Alongo anu anachikhomanso dzuwa lisanalowe. Anati ndikachigwilanso atenga mwana apite kwanu ku Msanzala, chikwangwani chili pamutu. Ndinawauza za chitsime. Anati, "Sangamupweteke mng'ono wake, akungosewela." Akunena zimenezi akumwetulila, alamu. Mkazi wanga sindinamuonepo wokondwa chonchi, ndipo chimwemwe chakecho ndi chimene chikundiopsa.

Chitsime changa ndingakwilile, koma dambo lonse ndi zitsime, dimba lililonse chake. Tomato ndamusiya akuuma, ndimakhala pakhomo kulondela mwana. Koma munthu amaphethila.

Mwambo wathu mukuudziwa, ine ndine wobwela pa mbumba yanu, ana ndi a kwanu. Mwini mbumba ndinu, amalume awo. Mawu anga alongo anu akuwaponda, koma anu sangawaponde. Mmodzi tinaika kale. Chitanipo kanthu.

Lazarous

Kamwala, Lusaka
1 Julayi, 2023

Asisi,

Kalata yanu ya timalaya inafika bwino, koma ya alamu yafika lelo, basi ya Ricky inali m'galaja ndipo kalatayo inagona m'menemo masabata awili. Ndayesa foni yanu ndi ya alamu kuyambila m'mawa, sizikulowa. Sindikudziwa ngati ndikulembela nyumba ya anthu atatu kapena awili. Mulungu andichitile chifundo.

Alamu anapempha kuti ndichepetse, ine ndinawonjezela. Safunsa anadya phula.

Kalata yanu ija nditawelenga sindinagone bwino, koma ndinadziuza kuti ndi chisoni chabe, chidzatha. Timalaya ndinayamba kudinda. Ndili pa makina, mnzanga wa pa ntchito anandifunsa kuti nyimbo ukuimbayo ndi ya kuti? Ndinali kuimba "bwela tisewele", asisi, ndi kayimbidwe kake komwe, kokwela pa "si" n'kutsika pa "la". Inu munangondilembela mawu pa pepala. Kayimbidweko ndinakamva kuti? Timalayato ndatiika m'thumba ndamanga, sindikutumiza. Nsapato sindigula.

Sindinayambe ndakulamulanipo, munandibeleka kumsana ndinu amama ali kumunda. Koma lelo ndikulankhula ngati malume wa Jessy. Tasila ndinamukonda, mukudziwa. Koma amene akuzimilila pamaso panu ndi Jessy, ndipo inu mukuombela m'manja. Mukuti mukakumbatila mmodzi mwakumbatila awili. Asisi, thupi ndi limodzi, ndipo mwini wake akuchepa tsiku ndi tsiku. Kodi ndi liti pamene munamva Jessy akulongolola ngati wailesi?

Ndatumiza chikwangwani china. Zilembo ndi zomwezo, zonenepa, zobulungila, zodumpha chingwe, chifukwa taona tonse kuti zimaitanadi. Izo sizisankha woitanidwa, amasankha ndi wolemba. Ndalemba JESSY. Ndaika luso langa lonse, "J" ndamupinda ngati ndodo ya ambulela kuti akole, mitundu ndasankha yowala kuposa ija. Ana aitane amene ali moyo.

Ndikanatha kuuza alamu kuti akhome okha, koma mungazulenso. Chiyenela kukhomedwa ndi dzanja lanu. Abwana andilola kuchoka Lachisanu likubwelali, Loweluka ndili kumeneko. Koma musadikile ine.

Mlongo wanu,
Febian

Luembe
6 Julayi, 2023

Febian,

Mwina kalatayi ikumana nawe panjila, mwina uipeza pobwelela. Ndikulembabe, chifukwa ukafika sindidzatha kunena ndi pakamwa.

Tilipo atatu. Yamba wapuma.

Kalata yako inandikwiyitsa. Ndinakutukwana, iwe mwana amene ndinakupukuta mamina, lelo ukundiuza za ana anga. Chikwangwani chako ndinachilowetsa kunsi kwa bedi, a Lazarous akuyang'ana.

Mawa lake madzulo ndikusesa m'chipinda, mwana anachiona chikusuzumila. Anachikoka. Zilembo zako paja mwana sangazipitilile. Anayendetsa chala monga amachitila, n'kufunsa kuti palembedwa chiyani. Ndinati, "Ndi dzina lako, palembedwa Jessy." Anandiyang'ana ndi maso oyela bwino, opanda bodza, n'kuti, "Amama, Jessy ni ndani?"

Febian, tsache linagwa. Ndinayamba kufufuza m'mutu mwanga kuti mawu a Jessy ndinawamva liti komaliza, kuja amalongolola mpaka atate ake kumupatsa chinangwa kuti atseke pakamwa. Sindinapeze. Mwana wanga anali atachoka m'nyumba mwanga ine ndili momwemo, ndikumuphikila, ndikumusambitsa, osazindikila. Mayi wanji ine?

M'mawa kunagwa malilo mudzi wa patsidya, ndipo a Lazarous sakanakana, mkulu wa mpingo. Anandigwila dzanja pochoka, chinthu chimene sachita pagulu, n'kuti, "Amake mwana, maso." Atapita ndinatenga hamala. Misomali ya chikwangwani cha Tasila inali yolimba, ndinakhoma ndine, ndipo uliwonse potuluka unkalila. Ndinachitsitsa, ndinachipukuta fumbi ndi chitenge changa, n'kuchigoneka chafufumimba m'golosale. Kenaka ndinakhoma chako.

Ana atafika anaima kukamwa yasa. Ena anayamba nyimbo yakale mwachizolowezi, koma maso awo anali pa zilembo zatsopano, ndipo nyimboyo inafela pakamwa. Kamtsikana kena kanayesa, "Je." Wina, "Si." Anaseka, anakankhana, anayesanso. Pofika masana anali atagwilana manja, "Je! Si! Bwela tisewele, bwela!"

Ndinali kugawa phala. Ndinawelama kamodzi kokha kuti ndipalile m'poto, ndipo nditawelamuka pamene Jessy anakhala panali mbale yokha.

Ndinathamangila njila ya kudambo. Kunali zii, dzuwa pamutu, mbalame n'imodzi yomwe osalila, nyimbo ya ana yokha kumbuyo kwanga. Ndinamuona patsogolo, pamene njila imalowa m'tsekela. Ankayenda ndi zala, chidendene m'mwamba, dzanja lamanzele atalitambasulila pambali. Njila ija ndi yopapatiza, ya munthu mmodzi. Iye anali m'njila, ndipo pambali pake udzu unkagona wokha, kutsegukila munthu wamfupi amene ine sindinkamuona.

Ndinagwada m'fumbi. Ndinatsegula pakamwa ndipo munali maina awili. Ndinadziwa limene angatembenukile msanga, ndipo ndikanaitana limenelo akanabwela onse awili, tikanabwelela kunyumba monga kale, mpaka tsiku lina. Ndinalimeza. Ndinakuwa kuti, "Jessy!"

Sanatembenuke. Ana kumbuyo anali pa "bwela". Ndinakuwanso, mawu anga pamodzi ndi awo. Anaima. Chidendene chimodzi chinatsika pansi. Anayamba kutembenuza mutu, koma dzanja lija linakokedwa, ndinaliona ndi maso anga likuwongoka mpaka phewa kupendekeka, ndipo anayamba kulila, kulila kwa Jessy kwenikweni, kuja kokweza ngati mbuzi yomangidwa. "Amama, anikoka!"

Pamalilo a Tasila paja azimayi anandiuza kuti ndilankhule pa bokosi, ndimuuze mwana kuti apite, asayang'ane m'mbuyo. Ndinakana, ndinaluma milomo mpaka magazi. Mawu amenewo ndinawanena mailo, ndili chogwada m'fumbi. Sindinakalipe. Ndinalankhula monga ndinkamuuzila kuti akagone. Ndinati, "Tasila mwana wanga, musiye mng'ono wako. Masewela atha. Pita wekha, mayi, usabwelenso."

Dzanja la Jessy linagwa. Anathamanga n'kudzandigwela pachifuwa, thupi lotentha, akulongolola zosamveka, mamina ndi misozi pakhosi panga. Ine ndinamugwila koma maso anga anali pa udzu. Unaima kanthawi osagwedezeka. Ndinadikila, Febian, Mulungu andikhululukile, ndinadikila kuti mwina akana, mwina achita makani ngati ana ena, abwele adzandigwile chitenge. Kenaka udzu unayamba kugona, pang'onopang'ono, kulowela kudambo, mpaka sindinaonenso.

Jessy wadya ndi dzanja lamanja. Dilesi ndi louma. Chilankhulile kuyambila mailo, atate ake akungomuyang'ana misozi ili mbwembwembwe. Anthu akubwela kudzandigwila chanza, akuti ndachita bwino, ndipo ndikudziwa kuti ndachita bwino.

Koma ndinathamangitsa mwana wanga, mlongo wanga. Anabwela ulendo wonse uja chifukwa anamva akuitanidwa kumasewela, ndipo amake anamuuza kuti apite. Anali mwana womvela Tasila. Ndinangomuuza kamodzi.

Doris